Za Mafupa, bulu amene tamulandira

 

Nkhani yanga ndi ya bulu, ndiye amene mukufuna kuseka sekeranitu pompano tipitirire. Ambiri mwamuona pa zithunzi zomwe zinayenda pa gulu Lachitatu, ena munapita kukamuona kuseri kwa nyumba ya mayi ake a msungichuma wathu, komwe akukhala. Ana a m'mudzimo anamupatsa kale dzina, akuti Mafupa, ndipo sanalakwitse. Komiti yandituma kuti ndifotokoze zomwe a dokotala a ziweto anatiuza atamuyeza, pamodzi ndi zomwe ndakhala ndikuwerenga, kuti aliyense wolowa pa ndandanda wosamalira adziwe chochita. Palinso nkhani imodzi yoti tivotere lero, ndifika nayo.

Bungwe la The Donkey Sanctuary la ku England lili ndi muyeso wa thupi la bulu woyambira pa 1 kufika pa 5. Pa 3 ndi bulu wathanzi, pa 5 ndi wonenepa mopitirira. A dokotala anamuika Mafupa pa 1. Nthiti zonse mutha kuziwerenga muli patali, msana watuluka ngati mzere wa m'munda, mafupa a m'chiuno mutha kukolekapo chipewa. Pakhosi ali ndi zilonda ziwiri, chimodzi chachikulu ngati chikhatho changachi. Ziboda zakula mpaka zayamba kupindikira m'mwamba. M'makutu ndi kunsi kwa mchira muli nkhupakupa. Koma poyang'ana mano a dokotala anati si nkhalamba, ali ndi zaka khumi kapena kupitirira pang'ono. Bulu wosamalidwa bwino amapitirira zaka 30. Ndiye amene mumati tingomusiya afe chifukwa wakalamba, ayi, mwana uyu ali pakatikati pa moyo wake.

Ndiyambe ndi chakudya, chifukwa apa ndi pamene tingamuphe ndi manja athu tili ndi mtima wabwino. Lamlungu lapitali kunabwera anthu atatu osiyana ndi ndowa za madeya, wina anabweretsa chimanga chogaya. Tinawathokoza koma tinabweza, ndipo ndamva kuti ena anakhumudwa. Ndifotokoze chifukwa chake.

Nyama ikakhala miyezi yosadya mokwanira, thupi limayamba kudzidya lokha. Limayamba ndi mafuta, akatha limalowa ku mnofu. Nthawi yonseyo michere ina ya m'thupi monga phosphorus, potassium ndi magnesium imakhala ikutha pang'onopang'ono. Tsopano mukaipatsa mwadzidzidzi chakudya chambiri chokhala ndi sitachi, monga chimanga kapena madeya, shuga amakwera m'magazi, thupi limatulutsa insulin yambiri, ndipo insulin ija imakoka tinthu tochepa totsala m'magazi tija n'kutilowetsa m'maselo. Magazi amatsala opanda kanthu. Mtima ndi minofu yopumira zimalephera kugwira ntchito. Choopsa chake n'chakuti sizichitika tsiku lomwelo. Nyama imadya mosangalala, inu n'kujambula vidiyo n'kuponya pa gulu, patapita masiku atatu kapena asanu mukuipeza yagwa, yosadzukanso. Madokotala anaziona izi pa anthu kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1945, akaidi anjala atatulutsidwa n'kupatsidwa chakudya chambiri nthawi imodzi. Ndipo amene munadikirirapo mwana wonyentchera ku chipatala mukudziwa: sayambira pa chiponde ayi, amayambira pa mkaka wopepuka uja wa F-75, pang'onopang'ono, maola owerengeka alionse. Nzeru yake ndi yomweyo.

Akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis anayesa zimenezi pa mahatchi owonda ndi njala. Njira yomwe amalangiza ndi iyi: masiku atatu oyamba, pafupifupi theka la kilo la udzu wa alfalfa maola anayi alionse, usana ndi usiku. Kenako kuwonjezera pang'onopang'ono mpaka masiku khumi kapena sabata ziwiri, osapereka chimanga kapena mbewu ina iliyonse. Amati kuti hatchi ibwerere m'thupi mwake pamatenga miyezi itatu mpaka isanu. Ife alfalfa tilibe, komanso bulu ndi wamng'ono kuposa hatchi, ndiye a dokotala anatipatsa muyeso wathu: udzu wouma wabwino wosakaniza ndi zotsalira za mtedza, masamba ake ouma aja, manja awiri odzaza pa nthawi imodzi, kasanu ndi kamodzi patsiku. Muyesowo walembedwa pa chikuto cha kope lomwe lili pa msomali m'khola. Musawonjezere chifukwa wakuyang'anani momvetsa chisoni. Adzakuyang'anani choncho basi, ndi nkhope yake. Akachira, bulu wamkulu amadya makilo 2 mpaka 3 a udzu wouma patsiku, ndipo mapesi a chimanga ndi udzu wa mpunga wa ku sikimu zidzathandiza. Koma panopa sitinafike kumeneko.

Mbali inayo ndi yoopsanso. Bulu sayenera kukhala osadya. Akasiya kudya, mafuta a m'thupi amakhamukira m'magazi n'kuwononga chiwindi, ndipo matenda amenewa amapha abulu ambiri. Ndiye ngati pa nthawi yanu mwamuikira chakudya iye osachikhudza, kapena akungogwedeza milomo mu udzu osameza, musadikire kuti mwina mawa. Imbani foni nthawi yomweyo. Nambala ili m'kope.

Kopelo mulilemekeze. Aliyense alembe nthawi yomwe wafika, chakudya chomwe wapereka, madzi omwe atsala mu ndowa, ndi milu ya ndowe yomwe wapeza. Inde, muziwerenga ndowe. Ndikuona ena mukukwinya nkhope, makamaka inu a kumbuyoko amene munavala zoyera. Bulu ndi hatchi sizitha kusanza. Chomwe chalowa chiyenera kutulukira kumbuyo, chikatsekeka m'matumbo nyama imafa ndi ululu. Hatchi ikamva m'mimba imadziwika, imapalasa pansi, imagubuduka, imayang'anayang'ana pamimba pake. Bulu amabisa. Amangoima phee, mutu pansi, makutu atagwera m'mbali, ndiye munthu wosadziwa amati akupuma. Nthawi zambiri chizindikiro choyamba ndi ndowe zomwe zachepa kapena zauma gwa. Wobwera masana sangadziwe zimenezo ngati wa m'mawa sanalembe.

Pali zinthu zomwe siziyenera kulowa m'khola lija ngakhale atachira. Lukina timadyetsa mbuzi ndi ng'ombe, koma kwa bulu ndi hatchi ali ndi poizoni amene amathothola ubweya wa kumchira ndi pakhosi n'kuwononga ziboda. Chimanga chachuku, chija timati n'cha ziweto, chimawononga ubongo wa nyama zimenezi. Chakudya cha nkhuku chogula nacho ayi, chifukwa china amathiramo mankhwala omwe kwa nkhuku ndi abwino koma kwa hatchi amaimitsa mtima. Mkute wa nsima ayi. Udzu wauwisi womweta n'kuunjika mpaka watentha mkati ayi. Ndipo majumbo: mukaona jumbo pafupi ndi khola tolani, chifukwa bulu wanjala amameza, ndipo likakhala m'matumbo palibe amene angalitulutse kuno.

Madzi akhale a pa mjigo, mu ndowa yotsuka tsiku lililonse. Bulu ndi waukhondo pa madzi kuposa ena a ife, akaona akuda amalolera kukhala ndi ludzu. Ndi kutentha kwa Okutobala uno muziyembekezera kuti ndowa ya malita 20 itha kutha patsiku.

Tsopano zilonda. Pamene tinamupeza, pa chilonda chachikulu chija panali popakidwa oyilo wakuda wa mu injini. Izi si zachilendo, anthu ambiri amakhulupirira kuti oyilo amathamangitsa ntchentche n'kuumitsa bala, ena amathira asidi wa mu batire, ena phulusa, ena ndowe. Zonsezi zimawotcha mnofu watsopano womwe ukufuna kumera, ndipo dothi ndi ndowe ndi momwe mumakhala tizilombo ta kafumbata. Bulu ndi hatchi zimagwidwa kafumbata msanga kuposa ziweto zambiri, ndipo zikagwidwa kupulumuka kwake n'kovuta. Ife tichita chophweka. Madzi owiritsa n'kuwaziziritsa, theka la lita, kasupuni kamodzi ka tiyi ka mchere. Sambani m'manja, tsukani chilonda ndi kansalu koyera kuchokera pakati kupita m'mbali, kawiri patsiku, kenako pakani mankhwala omwe a dokotala anasiya. Mukaona mphutsi, kapena fungo lasintha, kapena patupa n'kutentha, lembani ndipo muimbe. Kansalu komwe mwagwiritsa ntchito musakabwezere m'madzi oyera aja.

Mankhwala a njoka za m'mimba sanapatsidwebe, ndipo si kuti taiwala. Nyama yofooka chonchi ikamwa mankhwala amphamvu, njoka zambiri zimafa nthawi imodzi n'kutseka matumbo. A dokotala abweranso pakatha sabata ziwiri kudzaona ngati wakwanira. Pa nkhupakupa ndikupempheni chinthu chimodzi mwapadera, inu amene kwanu kuli ng'ombe: musabweretse mankhwala a dibi otsala kunyumba. Ena mwa iwo ali ndi amitraz, amene pa ng'ombe amagwira bwino ntchito koma pa hatchi ndi bulu amaimitsa matumbo. Panopa tikuzichotsa ndi manja, kugwira pafupi ndi khungu n'kukoka mosathamanga.

Ziboda ndi ntchito ya munthu wodziwa, ife sitigwirapo chikwanje. Chiboda chimakula ngati chikhadabo, pafupifupi sentimita imodzi kapena kuchepera pamwezi, ndipo kuti chonse chisinthike kuchokera pamwamba mpaka pansi pamatenga pafupifupi chaka. Chikakula mopitirira nyama imaponda mopotoka, misempha imakokeka, kuyenda kulikonse kumakhala kowawa. Amadula pang'onopang'ono, sabata zisanu ndi imodzi mpaka zisanu ndi zitatu zilizonse. Mbali yathu ndi kuchotsa timiyala ndi ndowe kunsi kwa chiboda tsiku lililonse, akadzayamba kulola kunyamulidwa mwendo. Mano nawo amakula moyo wonse ndipo m'mbali mwake mumasongoka n'kumacheka masaya. Mukapeza timipira ta udzu wotafuna tatayidwa pansi, ndiye kuti mano akumuvuta, lembani.

Ndipo denga. Mvula yoyamba ili pafupi, mwezi wamawa uno. Makolo a bulu anachokera ku zipululu za kumpoto chakum'mawa kwa Africa, ubweya wake sutsetsereka madzi ngati wa hatchi, umangomwa n'kunyowa mpaka pakhungu. Ziboda zake nazo zimamwa madzi n'kufewa, n'kuyamba kuwola. Kuno ku Domasi mukudziwa mmene chigwa chathu chimakhalira madzi akayamba kutsika ku phiri la Zomba ndi la Malosa, matope mpaka Epulo. Khola lomwe alimo panopa lili potsika. Tikufunika milimo, mitengo, udzu wofolera ndi njerwa zoswekasweka zoti tiyale pansi pakwere. Walira mvula walira matope, ife tinamulandira, ndiye denga ndi lathu.

Ndinene za kafikidwe kake, chifukwa ena mwa inu mukumuopa, ena simukumuopa ngakhale pang'ono, ndipo gulu lachiwirili ndi lomwe likundidetsa nkhawa. Maso a bulu ali m'mbali mwa mutu. Amaona pafupifupi mozungulira monse kupatula kumbuyo kwenikweni ndi kutsogolo kwa mphuno. Mukamudzidzimutsa kumbuyo akuponderani, ndipo sikulakwa kwake. Fikani cha pa phewa, mukuyankhula motsitsa, manja ali pansi. Mafupa akaona dzanja lakwera m'mwamba amatsinzina n'kubweza mutu. Palibe amene anatiuza mbiri yake yonse, koma kutsinzina kumeneko kukunena zambiri. Musanyamule ndodo m'khola, ngakhale yothamangitsira nkhuku. Musabwere gulu. Anthu awiri pa nthawi imodzi akwana, ndipo ana aziyang'anira kunja kwa mpanda.

Timakonda kunena kuti bulu ndi wamakani, mpaka timatukwanira dzina lake. Hatchi ikaopa imathawa. Bulu akaopa amaima n'kuyamba kuganiza, ndipo ukamukwapula umangomutsimikizira kuti analondola kuopa. Mlatho wa mitengo womwe iye wakana kuwoloka, uyang'ane kawiri usanawoloke wekha. Sabata ino cholinga chathu n'chaching'ono: azilola kuti munthu aime pambali pake akudya. Sabata yamawa kukanda pa phewa. Kunyamula mwendo kubwera pambuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene simungathe kudekha tikupatsani ntchito yotunga madzi, nayo ndi yofunika.

Wina anandifunsa pa gulu kuti bwanji osangomutumiza kumalo osungirako nyama. Funso labwino. Ku Lilongwe kuli Lilongwe Wildlife Centre, koma kumeneko amalandira nyama zakutchire zopulumutsidwa, anyani, apusi, agwape ndi zina zotero. Kulinso bungwe la LSPCA lomwe linayamba mu 2008, ndipo lakhala likuthandiza abulu okoka ngolo m'madera ozungulira Lilongwe, komwe abulu ndi ambiri kuposa kuno. Koma Lilongwe ndi ulendo wa maola anayi kapena kuposa pa galimoto, ndipo bulu amene akudzandira poyenda sangaime pa lole maola onsewo. Malo ake osungirako ndi kuseri kwa nyumba kuja, ogwira ntchito ake ndi ife tili panofe.

Pang'ono ndipatuke, chifukwa ana a sukulu amene amabwera kudzamuona akumati hatchi, ndipo ndinadabwa kuti ambiri a iwo hatchi yeniyeni sanaionepo, chonsecho pamwamba pa phiri la Zomba pomwepa pakhala pali mahatchi oti alendo azikwera, monganso ku Kande ku Nkhata Bay. N'chifukwa chiyani mahatchi ndi osowa m'dziko muno? Kashembe ndi chifukwa chimodzi, ntchentche ija imapezeka ku Liwonde ndi ku Nkhotakota, imafalitsa matenda omwe amapha mahatchi ndi ng'ombe. Chifukwa china ndi matenda otchedwa African horse sickness, ofalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, toluma madzulo ndi m'bandakucha. Akalowa m'khola la mahatchi osabayidwa katemera amatha kupha asanu ndi anayi mwa khumi alionse. Mbidzi imakhala nako kachilomboko osadwala, bulu wa kuno naye kawirikawiri amapirira. N'chifukwa chake azungu a nthawi ya atsamunda, ngakhale anali ndi Gymkhana Club yawo mu Zomba, pa maulendo ataliatali ankanyamulidwa pa machila, pa mapewa a azigogo athu. Kumalo okwera ndi ozizira tizilomboti timachepa, mahatchi n'kumakhalako bwino. Kumunsi kuno amene anapirira n'kumasenza katundu ndi bulu, koma pa chithunzi cha alendo mupezapo hatchi.

Tsopano nkhani yovotera ija. Mafupa ali ndi mwini wake. Sindiwatchula dzina, ndipo ndikupempha kuti amene mukuwadziwa musawatchule pa Facebook. Ndemanga zina zomwe zinalembedwa pansi pa zithunzi zija zinali zonyoza kwambiri, ena mpaka kunena kuti amangidwe. Lamulo lilipodi, Protection of Animals Act, la kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo limaletsa kumenya nyama mwankhanza, kuisenzetsa mopitirira kapena kuigwiritsa ntchito ikudwala. Koma ife tinakhala nawo pansi madala aja. Anagula abulu awiri kuchigawo chapakati kuti azinyamula njerwa, mchenga ndi matumba a mpunga. Mnzake wa Mafupa anafa m'nyengo yozizira yapitayi. Ngolo ndi ya abulu awiri, ndalama yogulira wina panalibe, ntchito inaima, chakudya cha bulu n'kukhala chinthu chomaliza kuganiziridwa pakhomo pomwe ana akudya kamodzi. Komanso abulu amagwirizana awiriawiri, mmodzi akafa wotsalayo amatha kusiya kudya. Sindikuti zomwe zinachitika n'zabwino. Ndikuti munthuyo atatiuza kuti tengani mukamuthandize, misozi inali m'maso.

Maganizo ndi awiri. Oyamba akuti tisonkhe ndalama timugule, akhale wa kalabu mpaka kalekale, asadzakokenso ngolo. Achiwiri akuti timuchiritse, kenako abwerere kwa mwini wake pa mgwirizano wolembedwa pamaso pa a mfumu. Ine ndili ku mbali yachiwiri, ndipo ndinena chifukwa chake, kenako muvote mmene mukuonera.

Zilonda za pakhosi zija sizinabwere ndi chikwapu. Zinabwera ndi goli. Goli analipangira ng'ombe, yomwe ili ndi khosi lalifupi lamphamvu ndi linunda loti mtengo utsamirepo. Bulu khosi lake ndi lalitali, khungu lake ndi lopyapyala, ndipo mphamvu yake yokokera ili pa chifuwa ndi m'mapewa. Mukamuika goli, mtengo umakhuza pa fupa la khosi pa sitepe iliyonse, kulemera kwa ngolo kumagweranso pomwepo, ndipo chingwe chapansi chimamutsamwitsa pokwera mtunda. Chofunika ndi lamba wotakata wodutsa pa chifuwa, wa chinsalu cholimba kapena malamba akale a m'galimoto, wokutidwa ndi nsalu yofewa, ndi kachishalo pamsana konyamula kulemera kwa mtengo wa ngolo. Osoka nsapato a pa Songani atha kusoka titawaonetsa chithunzi ndi miyeso. Tikamugula Mafupa, madala aja atenga ndalama yathuyo n'kukagula bulu wina, n'kumuika goli lomwe lija, chifukwa ndi lomwe akulidziwa. Chaka chamawa tidzakhala pano tikusonkheranso wina. Tikawabwezera bulu wochira ali ndi lamba wabwino, anzawo onse a ngolo adzaona kuti khosi lilibe bala ndipo akukoka bwino, n'kuyamba kufunsa kuti anasoka ndani.

Chachiwiri, tiyeni tinene zoona za ife eni. Bulu uyu atha kukhala zaka zina 20. Ife ambiri tili pano tikudikira zotsatira, ena tikufunsira malo ku Domasi College, ku Chanco, ena maso ali ku Joni. Zaka zitatu zikubwerazi theka la ife silidzakhala kuno. Adzatsala naye ndani? Mayi ake a msungichuma anavomera miyezi, sanavomere moyo wonse.

Pali mayi wina wa ku Britain dzina lake Dorothy Brooke. Anafika ku Cairo mu 1930 n'kupeza mahatchi omwe asilikali a dziko lake anagwiritsa ntchito pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, atagulitsidwa kumeneko nkhondo itatha, ali mafupa okhaokha akukoka ngolo m'misewu. Analemba kalata ku nyuzipepala ya Morning Post mu 1931, anthu anasonkha ndalama, ndipo anagula mahatchi pafupifupi 5,000. Ambiri anali atatheratu moti chomwe akanawachitira ndi kuwapatsa masiku ochepa a mtendere n'kuwagoneka. Koma mayiyu anaona kuti kugula sikuthetsa vuto, chifukwa m'misewu munali mukadali abulu ndi mahatchi ena ambirimbiri a anthu osauka. Mu 1934 anatsegula chipatala chothandiza ziweto za anthu amenewo mwaulere. Bungwe la Brooke lilipo mpaka lero, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuphunzitsa eni ziweto, osula ndi osoka malamba. Anayambira pomwe pali maganizo oyamba aja, n'kukathera pa achiwiri.

Mgwirizano womwe ndikuganiza ndi wotere. Sabwerera mpaka a dokotala anene kuti wafika pa 3 ndipo zilonda zapola n'kumera ubweya. Goli lisadzamukhudzenso. Asakoke yekha ngolo ya abulu awiri. Azipuma dzuwa likafika pamutu, azimwa madzi pa ntchito, ndipo tsiku limodzi pa sabata asagwire kanthu. Awiri a ife tizikamuona mwezi uliwonse. Zikaphwanyidwa, nkhani ipite kwa a mfumu ndi kwa alangizi a ziweto. A mbali yoyamba ali ndi mfundo yomwe sindingaikane: pepala silidyetsa bulu, ndipo njala ikabweranso pakhomo paja zitha kubwerera pomwe zinali. N'zoona. Ndi chifukwa chake ndikuti kuyendera kwa mwezi ndi mwezi kulembedwe ndi mayina, osati kungoti kalabu idzaona.

Ndiyankhenso mawu omwe amalume ena anatiponyera pa msika, ndipo mwina inunso mwawamva kunyumba: anthu akugona ndi njala, inu muli pa bulu? Sindinawayankhe mwamwano chifukwa funsolo lili ndi nzeru. Koma taganizani chomwe ngolo imodzi imachita m'mudzi. Matumba a mpunga omwe amayi akanasenza pamutu kuchokera kumunda, migolo ya madzi, njerwa za nyumba, manyowa opita kudimba, ngakhale wodwala usiku pomwe njinga yamoto palibe. Banja lija ndalama ya sopo ndi fizi inkachokera pa khosi lomwe lili ndi zilondalo. Mayiko a mu Africa anazindikira zimenezi pamene malonda a zikopa za abulu zopita ku China anayamba kutha abulu m'mayiko ngati Kenya, ndipo mu Febuluwale 2024 atsogoleri a African Union atakumana ku Addis Ababa anagwirizana zoletsa kupha abulu chifukwa cha zikopa. Apulezidenti anakhala pansi kukambirana za bulu, ndiye ife tisachite manyazi.

Ndisakunamizeni, atha kufa. A dokotala ananena poyera kuti sabata ziwiri zoyambazi ndi zomwe zili zoopsa, ndipo tadutsa masiku asanu okha. Akagona n'kulephera kudzuka yekha, mwayi umachepa kwambiri. Zikatero musamukoke mchira kapena makutu. Itanani anthu anayi, mudutsitse matumba kapena chitenje cholimba kunsi kwa chifuwa ndi mimba, mumudzutse pamodzi, wina akuimba foni. Ndipo zikadzafika poti akungovutika popanda chiyembekezo, chigamulo chidzakhala cha a dokotala ndi mwini wake, osati cha gulu la WhatsApp.

Kwa inu amene munakhoza bwino Biology ndi Agriculture ndipo ntchitoyi yakusangalatsani, ku Mikolongwe ku Chiradzulu kuli sukulu ya zaumoyo wa ziweto, ndipo ku Bunda, ku LUANAR, amaphunzitsa udokotala wa ziweto. Kope lili pa msomali lija ndi poyambira pabwino, muzifunsa mafunso a dokotala akabwera.

Zofunika panopa ndi izi. Ndandanda uli ndi nthawi zisanu ndi imodzi patsiku, ndipo ya 10 koloko usiku ndi ya 2 koloko m'bandakucha zilibe anthu okwanira. Zimenezi tikupempha anyamata okhala pafupi, awiriawiri, ndi tochi, ndipo makolo adziwe. Ndi za masiku asanu ndi anayi okha otsalawa, kenako chakudya cha usiku chidzasiyidwa madzulo. Komiti ikupempha K1,000 kwa membala aliyense pamwezi kwa miyezi itatu, ya mankhwala, thiransipoti ya a dokotala ndi lamba. Amene mulibe ndalama bweretsani thumba la zotsalira za mtedza zouma bwino, zopanda chuku, kapena mtolo wa udzu wofolera. Loweruka likubwerali 6 koloko m'mawa tikumanga denga, bwerani ndi makasu, zikwanje ndi wilibala ngati ilipo. Amene munabweretsa madeya aja musawataye, asungeni pouma, a dokotala akadzalola tidzakuuzani.

A tcheya, ndathera pamenepa, titha kuvota.